Ati "Daunilodani Fomu": Nanga ya Pulinta Alipila Ndani?

Pali mawu amene apezeka pafupi-fupi pa cilengezo ciliconse ca nchito, ca malo a ku koleji, ca basale kapena ca ngongole masiku ano: daunilodani fomu pa webusaiti yathu, muipulinte, mulembe na bopeni, musaine, muisikane na kuitumiza. Ena amawonjezela kuti mubweletsenso makope atatu ku ofesi tsiku lotseka lisanakwane. Amene analemba mawu amenewa adziona monga munthu wamakono, ndipo pa msonkhano adzaimilila na kukamba kuti ofesi yawo inasamukila pa intaneti. Ise amene timawelenga zilengezo izi pa wailesi, na kuyankha mafoni a anthu ofunsa kuti "manje nicite bwanji?", tidziwa kuti palibe cimene casamuka. Pepala likali pamene linali. Casamuka ni bilu cabe. Kale ofesi ndiyo inali kugula mapepala na inki, tsopano agula ni mnyamata wa ku Kanyama amene alibe nchito.

Tikambe poyela kuti sitikana intaneti. Palibe afuna kubwelela ku masiku oima pa mzele kuyambila 05 hours kuti ulandile fomu, kenako n'kuuzidwa kuti amene asunga makiyi a kabati apita ku malilo. Cimene tikana ni cinthu ca theka ici, cosakhala pepala, cosakhala intaneti, cimene catola mavuto a mbali zonse ziwili na kuwaunjika pa mutu wa munthu mmodzi. Akulu anati mapanga awili avumbwitsa. Tavumbwa ndise, koma amene anatilozela mapangawo akhala mu ofesi youma.

Tiyeni tiitsatile fomu imeneyi kucokela pamene iyambila. Cilengezo cifika pa Facebook. Mtsikana wa ku Mtendere, amene ali na ka itel kodzala kale na zithunzi, adina linki. Cimene sadziwa, cifukwa palibe anamuuzapo, n'cakuti linki ya pa Facebook siitsegukila mu Chrome. Itsegukila mu ka browser ka mkati mwa Facebook momwemo, ndipo kameneka kawili-kawili kamalephela kudauniloda. Kanthu kazungulila, kazungulila, palibe cioneka. Adinanso. Adinanso kacitatu. Akakhala na mwayi, mnzake amuonetsa tumadontho tutatu twa pa kona, pamene pali mawu ouza foni kuti itsegule tsambalo mu browser yeniyeni. Fomu ionekela, iye akondwela, atseka. Mawa afika pa kafe, aifuna, kulibe. Mwina inatseguka cabe osasungika. Mwina inasungika mu foda ya Download, imene iye sanalowemo cigulile foni. Tsiku limene adzaipeza foda imeneyo adzapezamo fomu.pdf, fomu(1).pdf, fomu(2).pdf na fomu(3).pdf, zonse cinthu cimodzi, iliyonse itadyako bundle yake.

Kutsegula na kusunga ni zinthu ziwili zosiyana. Kutsegula kuli monga kuwelenga nyuzipepala utaimilila pa kantemba: waona, koma pocoka siupita nayo. Kusunga ndiye kuiika m'thumba, kuti ukaionenso kunyumba olo bundle itatha. Kufotokoza zimenezi kwatitengela mizele iwili cabe. Koma mawebusaiti a maofesi, amene ali na malo a cithunzi ca bwana wamkulu, mbili ya ofesi na masomphenya a zaka khumi, alibe malo a mizele iwili imeneyi. Sakuuzani kuti fayilo ni yolema bwanji mukalibe kudina. Sakuuzani kuti ili na masamba angati. Dzina lake nthawi zambili ni Scan0004, kapena "final final", ndipo pa tsamba limodzi pakhoza kukhala fomu ya caka cino na ya caka catha, zonse zopanda deti. Sankhani nokha, ndipo mukasankha yolakwika mudzadziwila pa kauntala, mutalipila kale zonse.

Manje tione fayilo yeniyeniyo. Fomu imeneyi inabadwila pa kompyuta. Wina anaitaipa mu Word, mmene muli kale batani loisandutsa PDF m'kamphindi. M'malo modina batanilo, anaipulinta, anaipeleka kwa bwana kuti aikepo cidindo, anaigoneka pa sikana mopendekeka, na kuika zithunzizo pa intaneti. Cimene tidauniloda si zolemba ayi, ni cithunzi ca zolemba, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. PDF ya mawu eni-eni ya masamba awili kapena atatu kambili siifika olo theka la MB imodzi. Masamba amodzi-modziwo akajambulidwa na sikana m'mitundu yonse akhoza kulema ma MB angapo, ndipo alipila kulemako ni mwini bundle. Mu cithunzi simungafufuze liwu. Simungakope nambala ya akaunti kuti musalakwitse polipila. Simungataipemo dzina lanu. Mnzathu wosaona, amene foni yake imamuwelengela mokweza zimene zili pa sikilini, akafika pa fomu yotele foni imangokhala cete, cifukwa kwa iyo tsamba lonse ni cithunzi cimodzi. Dziko lino lili na lamulo loteteza anthu olemala kuyambila mu 2012, koma munthu mmodzi wokhala pafupi na sikana amalifafaniza m'mawa uliwonse akalibe kumwa tiyi.

Asatinamize kuti luso lake kulibe. Kampani ya Adobe inatulutsa PDF mu 1993. Pofika mu 1996 inali kale na mabokosi otaipamo, akuti munthu alembe dzina na nambala pa kompyuta popanda pepala. Mu 2008 PDF inakhala muyezo wa dziko lonse pansi pa bungwe la ISO, conco aliyense angapange mafayilo amenewa na kuwatsegula popanda kugwadila Adobe. Ambili a imwe amene muwelenga nkhani ino munabadwa fomu yotaipamo ilipo kale. Ndipo masiku ano olo PDF imeneyo siifunika kwenikweni pa nchito yotele. Tsamba wamba la pa intaneti lokhala na mabokosi, monga lija mumalembamo potsegula Gmail, ligwila pa foni yochipa iliyonse imene ili na intaneti. Conco ofesi ikakuuzani lelo kuti mupulinte na kulemba na bopeni, siinacedwe na caka cimodzi kapena ziwili. Yacedwa na msinkhu wa munthu amene ali kale na ana ku sukulu.

Cokwiyitsa kwambili cibwela pothela. Mwapulinta, mwalemba, mwasikana, mwabwelela pa webusaiti kuti mutumize. Pamenepo mupeza lamulo lakuti fayilo yanu isapitilile 1 MB kapena 2 MB. Iwo anakusenzetsani mwala, koma afuna muwabwezele nthenga. Ndipo ku ofesi kuja munthu wina adzatsegula cithunzi ca zolemba zanu za pamanja, adzatsinzinila maso kuti aone ngati ni 1 kapena 7, na kutaipanso zonse mu kompyuta. Mawu anacoka mu kompyuta, anapita pa pepala, anabwelela monga cithunzi, ataipidwanso kaciwili. Pa ulendo umenewu Mwanza amasanduka Mwansa, ndipo adzapita ndani kukalumbila na kulipila cidindo kuti anthu awiliwa ni munthu mmodzi? Ndimwe.

Tiwelengele pamodzi, na mitengo yongoyelekeza, popeza kafe iliyonse ili na mtengo wake. Fomu masamba 4, kalata yopemphela nchito tsamba 1, CV masamba 2, NRC tsamba 1, setifiketi ya Grade 12 tsamba 1, ya ku koleji pamodzi na zotsatila zake masamba 3. Akwana 12. Ngati tsamba ni K2, yapita K24. Ngati kusikana kuli pa mtengo umodzi-modzi, yafika K48. Ikaniponso cidindo cotsimikizila makope, envulopu, bundle, na basi yopita mu tauni na kubwela. K100 yayandikila, ndipo uku ni kugogoda pa citseko cimodzi cabe. Munthu wofuna nchito sagogoda kamodzi. Akagogoda pa zitseko 10, ndalama yafika ku K1,000, yocokela m'thumba la munthu amene salandila kanthu pa mapeto a mwezi. Tidziwa tonse kumene icokela: kwa amayi amene agulitsa tomato pa Soweto, kwa mlongo amene aluka tsitsi, kwa amalume amene ayamba kale kuleka kuyankha foni. Pansi pa cilengezo analembapo kuti osankhidwa okha ndiwo adzatumilidwa foni. Enawo angoona mwezi ukutha. Uyu ni msonkho wa ulova, ndipo ni msonkho wokhawo umene umakula munthu akamasauka.

Kumbukilani caka ca 2022, pamene boma linalemba aphunzitsi opitilila 30,000 na anchito a zaumoyo opitilila 11,000. Inali nkhani yabwino, ndipo mabanja ambili akali kudyela pamenepo. Koma opempha anali oculuka kuwilikiza kangapo kuposa malowo, aliyense na mulu wake wa makope otsimikizidwa. Ambili a iwo analipila mapepala na kubwelela kunyumba cimanjamanja. Zimenezi zicitika pa kulemba nchito kulikonse, kwa boma kapena kwa makampani, kwakukulu kapena kwakung'ono. Funso lathu ni losavuta. N'cifukwa ciani munthu aliyense afunika kupeleka makope a cidindo pa tsiku loyamba, pamene ofesi idzaitana ocepa cabe? Funsani dzina, nambala ya NRC, nambala ya mayeso na maphunzilo. Sankhani. Amene mwasankha abwele na zikalata zawo zeni-zeni pa tsiku lowafunsa mafunso. Kusintha kumeneku sikufuna ndalama ya ku World Bank, kufuna cabe kucotsa mzele umodzi pa cilengezo.

Ndipo tikamba monga kuti pulinta ili pa kona iliyonse ndipo iyaka nthawi zonse. Mu 2024, madzi atacepa mu Kariba cifukwa ca cilala, malaiti anali kuzima maola ambili pa tsiku. Pulinta siyendela pemphelo. Kafe imene inali na jeneleta inafunika kubweza ndalama ya mafuta, ndipo inaibweza kwa ise. Imene inalibe inatseka. Tsiku lotseka kulandila mafomu silinasunthe. Ise a mu Lusaka na a mu Chipata tingayende kufuna pamene pali malaiti. Wa ku midzi ya ku Vubwi kapena ku Chama, amene cilengezo cinamufika pa foni m'kamphindi monga mmene cinafikila ise, afunika ulendo wa pa boma kuti asandutse fayilo kukhala pepala, na kusandutsanso pepala kukhala fayilo.

Koma ndalama si cinthu cacikulu cimene tisiya pa kafe. Tsiku lina mukakhala pa kompyuta ya pa kafe, yang'anani pa desktop na mu foda ya Downloads. Mudzapeza ma NRC a anthu amene simuwadziwa, zotsatila za mayeso, ma payslip, makalata a ku cipatala, ma CV okhala na nambala ya foni, tsiku lobadwa na nambala ya nyumba. Zina zakhalamo miyezi. Njila yofala yotumizila fayilo ni yakuti, "tumani pa WhatsApp yanga, boss," conco NRC yanu tsopano ili mu foni ya munthu amene olo dzina lake simulidziwa, ndipo foni imeneyo mawa ingabedwe kapena kugulitsidwa. Ena amalowa mu Gmail yawo kapena mu WhatsApp Web pa kompyuta ya pa kafe, apulinta, alipila, athamangila basi, akaunti ili citsegukile. Ena amakhulupilila kuti Incognito ibisa zonse. Siibisa mafayilo. Cimene mwadauniloda mu Incognito citsala pa kompyuta mutatseka, ndipo kufafaniza mndandanda wa zodauniloda mu browser kucotsa cabe maina pa mndandandawo, mafayilo akali mu foda. Kope la NRC, nambala ya foni, tsiku lobadwa na siginecha pa tsamba limodzi: wakuba amene afuna kudziyesa imwe afunanso ciani?

Mu 2021 nyumba ya malamulo inapanga Data Protection Act, lamulo lakuti amene atenga zinsinsi za munthu azisunge bwino. Ofesi idzakuuzani kuti makompyuta ake ni otetezeka, ndipo mwina n'zoona. Koma njila imene ofesiyo inakonza ipitila pa kompyuta ya munthu wina, mu kontena ya pa msika, ndipo ofesi idziwa zimenezi. Siingatitume kuwoloka pa mtsinje wa ng'ona na kudzitama kuti tsidya lake lili na mpanda.

Tisawanamizile anyamata na atsikana a pa makafe. Ambili ni anzathu, ni acinyamata amene anakana kukhala manja lende, ndipo agwila nchito imene maofesi anathawa: kufotokozela agogo kuti PDF n'ciani, kucepetsa fayilo kuti ilowe, kupeza fomu imene webusaiti inabisa. Popanda iwo theka la mapempho a m'dziko lino sembe safika. Koma tamvapo ena akamba kuti dongosolo ili n'labwino cifukwa lipatsa makafe nchito. Kumeneko kuli monga kukamba kuti maenje a mu msewu asakwililidwe cifukwa omata matayala adyelapo. Munthu amene adziwa kompyuta sadzasowa cocita mafomu akakonzedwa. Alipo makadi a ukwati, mapulogilamu a malilo, ma assignment, zikwangwani. Asamadyele pa misozi ya lova mnzake cifukwa cakuti ofesi inacita ulesi.

Maofesi ali na mayankho awo, ndipo tawamva. Loyamba n'lakuti pafunika siginecha na cidindo. Koma mu 2021 momwemo munapangidwanso Electronic Communications and Transactions Act, imene ivomeleza zikalata na masiginecha a pa kompyuta, komanso Electronic Government Act, lamulo loyendetsela nchito za boma pa intaneti. Malamulo alipo. Zitsanzo nazo zilipo m'dziko lomwe lino. Zotsatila za mayeso a ECZ timaziona pa SMS. TPIN ya ku ZRA munthu angaitenge pa intaneti. Tsiku lililonse anthu atumizilana ndalama pa Airtel Money na MTN MoMo na PIN cabe, popanda bopeni. Ngati PIN ikwanitsa kusuntha lendi ya nyumba, ilephela bwanji kutsimikizila kuti ndine amene napempha malo a kosi ya zomanga-manga?

Laciwili n'lakuti anthu amapeka masetifiketi. N'zoona, amapeka. Koma ndani anagwilapo setifiketi yabodza poyang'ana cithunzi ca fotokope ya fotokope? Cinthu cikafika pamenepo, ceni-ceni na cabodza zonse zioneka zotuwa mofanana. Amene afuna coonadi afunsa ku ECZ na nambala ya mayeso, kapena ku ZAQA, bungwe limene nchito yake ni kutsimikizila maphunzilo. Mulu wa mapepala suteteza ofesi kwa wabodza. Ungopatsa mabwana mtima wakuti pali cimene cacitika, popeza kabati yadzala.

Lacitatu ndilo lili na nzelu: si onse ali na foni ya intaneti. Tivomela na mtima wonse. Ndiye cifukwa cake fomu ya pepala ifunika kupezeka pa ofesi, pa khonsolo na pa sukulu, yaulele, yopulintidwa na ndalama ya ofesi monga kale. Wa foni alembe pa foni mpaka kumapeto, wopanda foni atenge pepala na kulibweza pamanja. Zimene zilipo tsopano sizithandiza aliyense wa awiliwa. Wa foni afunikabe pepala, wopanda foni afunikabe intaneti.

Pali cinanso cimene ulesi umenewu wabala. Popeza zilengezo zeni-zeni zimayenda m'magulu a WhatsApp monga zithunzi zopendekeka, zosaoneka bwino, nthawi zina zokhala na adilesi ya Gmail m'malo mwa ya ofesi, wakuba savutika kupanga cake. Atenga cizindikilo ca boma pa Google, alemba kuti kuli nchito 500, aika nambala yotumizilapo "ndalama ya fomu". Cabodza na ceni-ceni zifanana monga mapasa, cifukwa ceni-ceni cinayamba cokha kuoneka monga cabodza. Ena amatumiza fayilo yochedwa fomu koma dzina lake lithela na .apk. Imeneyo si cikalata, ni pulogilamu, ndipo mukailola kulowa mu foni ingathe kuwelenga mameseji anu, pamodzi na manambala acinsinsi amene banki imatumiza. Fomu yeniyeni siipempha cilolezo coloŵa mu foni, ingotseguka. Mawebusaiti a maunduna a boma amathela na gov.zm, ndipo linki ikakupelekani kwina, imani kaye. Koma tisaiwale amene anaphunzitsa anthu kudina ciliconse cochedwa fomu popanda kufunsa.

Tidziwa zimene akulu-akulu ena adzayankha: acinyamata a masiku ano adziwa TikTok na kubecha, koma PDF iwalaka. Amakamba zimenezi monga kutinyoza, osadziwa kuti adzinyoza okha. Palibe anapitapo ku kosi ya TikTok. Anthu amene anaipanga anakhala pansi na kuonetsetsa kuti aliyense, pa foni iliyonse, aigwilitse nchito popanda womuphunzitsa, cifukwa afuna anthu abwele. Makampani a kubecha nawonso sanauzepo munthu kuti apulinte slip, asaine na kuisikana. Afuna ndalama yanu, conco anasalaza njila. Ofesi imene isiya njila yake ili na minga itiuza, mosafuna, kuti kubwela kwathu siikufuna kwenikweni. Ndipo za masukulu tisakambe zambili. Computer Studies inalowa mu silabasi, koma ana ambili anaiphunzila pa bolodi na coko, kompyuta imodzi ikuzungulilidwa na kalasi yonse.

Pamene tiyembekeza kuti maofesi agalamuke, tisapeleke ndalama yoposa imene atilanda kale. Linki itseguleni mu Chrome, osati mkati mwa Facebook, dinani kamodzi, ndipo pitani mu Files kapena File Manager mukaone mu Download mukalibe kudinanso. Mukaipeza, isintheni dzina kuti mudzaidziwe mawa. Tsamba la pa intaneti limene lilibe batani lodaunilodela, monga lisiti ya malipilo kapena umboni wakuti pempho lanu lafika, musalijambule screenshot yoduka pakati. Mu Chrome ya pa foni dinani tumadontho tutatu, Share, Print, na kusankha Save as PDF. Pa kompyuta ni Ctrl na P. Simufunika pulinta kuti mucite zimenezo. Ngati ofesi siinakambe kuti ifuna bopeni, Adobe Acrobat Reader ya pa foni ikulolani kutaipa pamwamba pa fomu na kusaina na cala, olo fomuyo ikhale cithunzi. Google Drive ya pa Android ili na sikana yake yogwilitsa nchito kamela, ndipo pepala loyalidwa bwino pa thebulo, pafupi na windo masana, limatuluka looneka bwino kuposa la pa makina ena a pa msika.

Ngati kupulinta sikungapeweke, pitani na PDF, osati fayilo ya Word, cifukwa Word imasuntha mizele ikafika pa kompyuta ina, ndipo CV ya masamba awili imasanduka atatu, lacitatu lili na mzele umodzi umene mudzalipila. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, cifukwa mukatumiza monga cithunzi WhatsApp imacifinya mpaka manambala aleka kuoneka. Pemphani kuona pa sikilini pepala likalibe kutuluka: likhale pa A4, osati Letter ya ku America imene ni yaifupi ndipo imasokoneza m'munsi mwa tsamba, likhale la black and white, ndipo masamba a malangizo, amene simudzawabweza ku ofesi, asapulintidwe. Mukatsiliza, imililani pomwepo mpaka fayilo yanu ifafanizidwe mu Downloads na mu Recycle Bin, komanso mu foni ya mwini kafe. Kumupempha zimenezi si mwano, ndipo wa nzelu sadzakwiya. Mukalibe kukwela basi, tsegulani Linked devices mu WhatsApp yanu na kutulutsa kompyuta iliyonse imene si yanu.

Koma tisasokoneze zinthu. Malangizo awa ni mankhwala a cilonda, ndipo tawalemba mokwiya, cifukwa si nchito ya lova kuphunzila njila khumi zozembela msampha umene munthu wolandila malipilo anachela mosaganiza. Amene afunika kusintha ni wolemba cilengezo: wa ku khonsolo amene aika mafomu a basale ya CDF, wa ku koleji, wa ku kampani ya alonda, wa ku bungwe lothandiza anthu limene pa zikwangwani zake lilemba za kukweza acinyamata. Ndipo popeza tsamba lowonjezela pa PDF silidya inki ya ofesi, palibe cowaletsa kuikapo malangizo mu Cinyanja, Cibemba, Citonga na zinenelo zina zimene ZNBC imaulutsila tsiku lililonse.

Ise a pa wailesi tili na kanthu kamodzi m'manja. Zilengezo izi zimapitila pakamwa pathu. Cikabwela cina cokamba kuti daunilodani, pulintani, sikanani, tidzaciwelenga, cifukwa anthu afunika nchito. Koma tidzatumilanso foni amene anacitumiza, pa mphepo, omvela akumva, na kumufunsa kuti fayilo yake ni ma MB angati, ili na masamba angati, ingalembedwe pa foni kapena ayi, makope a cidindo awafunilanji pa tsiku loyamba, ndipo munthu wa ku Chawama amene alibe K50 lelo angakatenge kuti fomu ya pepala yaulele. Imwenso funsani mafunso amenewa pansi pa cilengezo pa Facebook, pa msonkhano wa komiti ya wadi, na kwa khansala akabwela kudzapempha voti. Akayankha kuti adzafunsa kwa a IT, tidzalemba deti, ndipo tidzamutumilanso Cisanu cotsatila.